Udzu Naonso Ndi Mbeu

Munthu amene amayenda mamaŵa m'miseu ya ku Bvumbwe, ku Goliati kapena ku Namitambo sangalephere kukumana ndi njinga zonyamula zigubu za mkaka zikuthamangira kumalo kumene alimi amasonkhanitsira mkaka wao. M'mwezi wa Febuluwale zigubuzo zimakhala zodzaza, ndipo wopalasa amachita kuŵerama pokwera chitunda. Koma pofika Okutobala njinga zomwezo zimapepuka, ndipo madzulo mumaziona zikuchokera kumadambo akutali zitasenza mitolo ya udzu wofiirira umene ng'ombe imangoununkhiza n'kuusiya. Ng'ombe ndi yomwe ija, mwini wake ndi yemwe uja, koma chakudya chasintha. M'gawo lino la nkhani zathu tiyeni, aŵerengi, tione bwino za chakudya chimenechi, pakuti ulimi wa mkaka, umene ambiri a ife aphunzitsi timaulozera ana otsiriza sukulu ngati njira yopezera ndalama kumudzi, watsamira kwenikweni pa udzu.

Zaka zapitazi zaika nkhani imeneyi poyera. M'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, namondwe wa Freddy adasakaza maboma a kummwera, amene ndiwo phata la ulimi wa mkaka m'dziko muno, ndipo adakokolola minda, makola ndi ziŵeto. M'mwezi wa Novembala chaka chomwecho mphamvu ya Kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, kotero kuti mankhwala a ziŵeto, mafuta a galimoto ndi zina zonse zogulidwa kunja zidakwera mtengo. Kenaka kudadza chilala cha El Niño, ndipo m'Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 agweredwa ngozi. Tsono chimanga chikasoŵa, madeya naonso amasoŵa, chifukwa madeya ndi mwana wa chimanga. Kuonjezera apo, m'chaka cha njala madeya amakhala ndi eni ambiri: woŵeta nkhumba amaŵafuna, woŵeta nkhuku amaŵafuna, wotcheza kachasu amaŵafuna, ndipo zinthu zikathina banja losauka limaŵagayitsa n'kuphika nsima. Mlimi wa mkaka amene adazoloŵera kudalira thumba la madeya adapezeka akulimbirana ndi anthu onseŵa kuchigayo, pamene mtengo wa mkaka wake amaika ndi ogula.

Mnyamata wina amene ndidamphunzitsa mpaka Folomu 4 adalandira ng'ombe ya mkaka kudzera m'ndondomeko ija yopatsirana, m'mene wolandira ng'ombe amadzapereka thole lalikazi loyamba kwa mnzake. Nditamchezera m'dzinja ndidampeza akukama malita 12 pa tsiku, ali wokondwa zedi. Nditapitakonso m'chilimwe, mkaka udali utatsika kufika pa malita 5, ndipo nthiti za ng'ombeyo zinkachita kuŵerengeka.

"Aphunzitsi," adatero mnyamatayo, "ine ndikuona ngati adandipatsa ng'ombe yachabechabe. Madeya ndikuipatsa monga kale, koma mkaka ukungothaŵa."

Ndidampempha kuti andionetse munda wake wa udzu. Iye adaseka mwaulemu, naati, "Kodi aphunzitsi, udzu n'kuchita kulima?"

Funso limeneli si la mnyamatayu yekha, ndipo si funso lopusa. Lili ndi mbiri yake.

Ng'ombe yatsopano, maganizo akale

Makolo athu adaŵeta ng'ombe za linunda kwa zaka zambirimbiri popanda kudzala udzu ngakhale phata limodzi. Ng'ombe imeneyo imapita kudambo ndi mbusa, imapirira dzuŵa, imaonda m'chilimwe n'kudzanenepanso m'dzinja, ndipo ikapatsa mwini wake lita imodzi kapena aŵiri pa tsiku palibe amene amadandaula. Ng'ombe ya mkaka ndi mlendo wadzana. Mafakitale a mkaka adatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1969, ku Lilongwe m'chaka cha 1973 ndi ku Mzuzu m'chaka cha 1974, ndipo m'zaka zomwezo boma lidayamba kulimbikitsa alimi ang'onoang'ono kuŵeta ng'ombe zosakaniza mtundu wa Friesian ndi mtundu wathu. M'chaka cha 1979 ntchito yothandizidwa ndi dziko la Canada idayamba kubweretsa ng'ombe za mtundu wa Holstein, ndipo m'chaka cha 1985 magulu a alimi a kummwera adakhazikitsa bungwe lao la Shire Highlands Milk Producers Association. Pambuyo pake mabungwe ena monga Land O'Lakes ndi Heifer International adagaŵa ng'ombe zina zambiri. Chotero ng'ombe yatsopano idaloŵa m'midzi yathu msanga, koma maganizo athu pa udzu adatsalira m'masiku a ng'ombe ya linunda. Kwa ife udzu ndi chinthu chongomera chokha, chopalira, chofolera nyumba, kapena chotentha posaka mbeŵa.

Kuti timvetse chifukwa chake maganizo ameneŵa amatiika m'mavuto, tiyenera kudziŵa m'mene ng'ombe imapangira mkaka. Mimba ya ng'ombe ili ndi zigawo zinai. M'chigawo choyamba, chimene ndi chachikulu ngati mgolo, mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso tosaŵerengeka, ndipo ndi timeneti timene timagaya udzu umene ng'ombe yameza ndi kubzikula. Tizilomboti timagwira ntchito bwino pamene chakudya chili ndi zomanga thupi zosachepera magawo 7 pa magawo 100 alionse. Udzu wanthete wa m'dzinja umaposa muyeso umenewu. Koma udzu ukakhwima, ukachita ngaiyaye n'kuuma uli chiimire, zomanga thupi zimatsika mpaka magawo 4 kapena kucheperapo, ndipo chotsala ndi ulusi wokhawokha. Pamenepo tizilombo tija timafooka, chakudya chimachedwa kuchoka m'mimba, ndipo ng'ombe imadya pang'ono ngakhale modyeramo muli modzaza. Popeza ng'ombe ya mtundu wa mkaka sileka msanga kutulutsa mkaka, imayamba kusungunula thupi lake lomwe. N'chifukwa chake nthiti zija zinkaŵerengeka.

Kutsika kwa mkaka ndiko kutaya kumene mlimi amakuona ndi maso, koma palinso kutaya kwina kobisika. Ng'ombe imakhala ndi bere pafupifupi miyezi 9 ndipo imakamidwa pafupifupi miyezi 10, kotero kuti yodya bwino iyenera kuswa chaka ndi chaka. Ng'ombe yoonda imachedwa kufuna nkhunzi. Miyezi imapita ikudya osatenga bere, thole limachedwa, ndipo mnzathu amene akudikira kulandira thole lija amadikira mpaka kutaya mtima.

Tiyeni tichite samu

Ng'ombe yolemera makilogalamu 400 imadya udzu wauŵisi wokwana makilogalamu 50 kapena kuposerapo pa tsiku. Tikachulukitsa 50 ndi masiku 365 tipeza makilogalamu 18,250, ndiye kuti matani opitirira 18 pa chaka. Ndani mwa ife angapeze matani 18 a udzu wabwino m'mbali mwa mseu, m'dera m'mene alimi ena makumi angapo akufunanso udzu womwewo? Kuyambira Meyi mpaka Novembala, pamene mvula sigwa kwenikweni, pali masiku ngati 180, ndipo ng'ombe yathu ikamadya makilogalamu 10 a udzu wouma pa tsiku, pafunika makilogalamu 1,800 osungidwa. Tisaiŵalenso madzi. Pa magawo 100 alionse a mkaka, magawo 87 ndi madzi, ndipo ng'ombe yokamidwa imatha kumwa zidebe zitatu kapena zinai za malita 20 pa tsiku lotentha. Samu imeneyi ndi yosavuta, mwana wa Sitandade 6 akhoza kuichita, koma ndi alimi oŵerengeka amene amaichita asanalandire ng'ombe.

Ophunzira athu ena, ataŵerenga za maiko ena m'phunziro la Jogalafe, amafunsa kuti bwanji ife sitimasula ng'ombe kuti zizikadya zokha kubusa. Amakumbukira dziko la New Zealand, limene limagulitsa mkaka kunja kuposa maiko ena, kumene ng'ombe zimadya panja chaka chonse. Koma tikaonetsetsa, msipu wa kumeneko ndi wochita kufesa, kuthira feteleza ndi kugaŵa m'mipanda, ndipo ng'ombe zimasamutsidwa kuchoka mu mpanda uno kupita mu wina. Mlimi wina wa ku France amene adalinso katswiri wa sayansi, André Voisin, adalongosola maziko a njira imeneyi m'buku lake la m'chaka cha 1957. Mfundo yake idali yakuti udzu ukadyedwa uyenera kupatsidwa nthaŵi yopuma kuti mizu isonkhanitsenso mphamvu, ndiponso kuti ng'ombe zisakhalitse pamalo amodzi mpaka kudya mphukira zongotuluka kumene. Dambo la m'mudzi mwathu, limene aliyense amadyetsamo koma palibe amene amalisamala, siliona kupuma koteroko.

Kuno kwathu pali zifukwa zitatu zimene zimachititsa kuti alimi ambiri a mkaka azisunga ng'ombe m'khola. Choyamba ndi malo. Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo m'maboma a Chiradzulu ndi Thyolo mudali anthu opitirira 400 pa sikweya kilomita imodzi. Chachiŵiri ndi nkhupakupa, zimene zimafalitsa matenda monga chigodola, makamaka m'chigawo chapakati ndi chakumpoto; ng'ombe ya linunda imalimbana nao matendaŵa, koma ya mkaka imafa nao msanga. Chachitatu ndi akuba. Kumene malo akalipo, monga m'madera ena a Mzimba, Kasungu ndi Mchinji, mlimi akhoza kufesa udzu wa Rhodes, kuugaŵa m'mipanda ndi kumadyetsa mosinthasintha, malinga ngati salephera kusambitsa ng'ombe zake m'mankhwala. Koma kwa ambiri a ife, msipu uyenera kupita kwa ng'ombe pamutu kapena panjinga. Chimene sichisintha ndi lamulo lija la kupuma. Udzu sudziŵa kusiyanitsa dzino la ng'ombe ndi chikwanje cha mlimi.

Kulima nsenjere monga tilimira chimanga

Nsenjere ndiwo udzu umene umapereka zambiri pamalo ochepa. Imadzalidwa ndi timitengo ta mfundo zitatu, ziŵiri zokwiriridwa ndi imodzi pamtunda, mvula ikakhazikika. Alangizi a ku Kenya, kumene ulimi wa mkaka wa alimi ang'onoang'ono udapita patsogolo kwambiri, amaŵerengera pafupifupi ekala imodzi ya nsenjere yosamalidwa bwino pa ng'ombe imodzi ndi ana ake. Chinsinsi chagona pa nthaŵi yodulira. Nsenjere iyenera kudulidwa ikafika m'chiuno mwa munthu wamkulu, ndiko kuti pafupifupi mita imodzi, zimene m'dzinja zimatenga milungu 6 mpaka 8. Wodula idakali m'maondo amatopetsa mizu, ndipo phata limafa pang'onopang'ono. Wodikira kuti ipitirire mutu wake amakondwa ndi kukula kwa mtolo, koma amakhala atasenza bango. Motero mlimi wanzeru amagaŵa munda wake m'zigawo, namadula chigawo chimodzi pamene zina zikupuma, kuti pomaliza chotsiriza choyamba chija chikhale chitafikanso m'chiuno. Akadula amauduladula udzuwo m'tizidutswa kuti ng'ombe isasankhe masamba okha. Ndipo popeza nsenjere imadya nthaka kwambiri, ndoŵe ndi mkodzo wa m'khola ziyenera kubwerera kumunda komweko.

Udzu wokha, ngakhale wabwino, umapereŵera zomanga thupi kwa ng'ombe ya mkaka wambiri. Apa ndi pamene mbeu za mtundu wa nyemba zimaloŵerapo. Masamba a lukina ndi abwino, koma asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, chifukwa akachuluka amadwalitsa. Akatswiri a bungwe la ICRAF pogwira ntchito ndi alimi a ku Embu m'dziko la Kenya adapeza kuti makilogalamu 3 a masamba aaŵisi a mtengo wa calliandra amaonjezera mkaka mofanana ndi kilogalamu imodzi ya chakudya chogula m'sitolo, ndipo kuti timitengo 500 timakwanira ng'ombe imodzi chaka chonse. Timitengo timeneti sitifuna munda waketake, timakhala m'malire ndi kuzungulira khola. Palinso zimene tili nazo kale koma timazitaya: zotsalira za mtedza, makoko a nandolo ndi a soya, ndiponso kholowa. Mapesi a chimanga ali ndi chakudya chochepa, komabe akasungidwa pamthunzi, akaduliridwa ndi kusakanizidwa ndi zotsalira za mtedza, amathandiza kwambiri kuposa phulusa limene timaŵasandutsa.

Amai athu adadziŵa kalekale kuti ndiwo za m'chilimwe zimakonzedwa m'dzinja, n'chifukwa chake amafutsa masamba a nyemba ndi a maungu. Ng'ombe nayonso ifunika mfutso wake. Udzu wa Rhodes umamwetedwa pamene wangoyamba kumasula, chakumapeto kwa mvula, n'kuuyanika masiku aŵiri kapena atatu, kenaka n'kuusunga pathandala pansi pa denga, udakali wobiriŵira. Nsenjere, popeza ili ndi misinde yonenepa, siuma bwino, choncho imasungidwa mwa njira ya sayileji: imaduliridwa, imafotetsedwa pang'ono, imasakanizidwa ndi madeya ochepa, n'kuitsendera zolimba m'dzenje loyalidwa pulasitiki kuti mpweya usatsalemo, ndipo pakapita milungu 6 imakhala itapsa. Ntchito zonsezi zimagwa m'Malichi ndi m'Epulo, nthaŵi imene udzu uli ponseponse ndipo palibe amene akuganiza za njala ya ng'ombe. Mlimi amene ayamba kuganiza za Okutobala pamene Okutobala wafika wachedwa ndi miyezi isanu ndi umodzi.

Sindikunena kuti madeya atayidwe. Madeya ali ndi mphamvu, ngakhale zomanga thupi zake ndi magawo ngati 10 okha pa 100, poyerekeza ndi magawo ngati 16 m'chakudya chosakanizidwa bwino cha ng'ombe za mkaka. Udzu wabwino paokha ukhoza kupereka malita 5 mpaka 7 oyambirira, ndipo chakudya choonjezera chimabwera pamwamba pake, pafupifupi kilogalamu imodzi pa malita 2 alionse oonjezera, pamodzi ndi mchere wa ng'ombe. Kunena mwachidule, kwa ng'ombe udzu ndiye nsima ndipo madeya ndi ndiwo. Cholakwa cha mnyamata uja chidali kuchulutsa ndiwo pamene nsima palibe.

Nanga malo achokera kuti?

Woŵerenga wa ku Chiradzulu akhoza kunena kuti, "Aphunzitsi aŵa akulankhula za ekala ya udzu pamene banja langa lonse likudalira ekala imodzi ya chimanga." Dandaulo limeneli ndi loona ndipo sitingalinyoze. Yankho loyamba ndi lakuti nsenjere ikhoza kudzalidwa m'malo amene chimanga sichikhalamo: pa akalozera, m'malire a munda, m'mbali mwa zigwembe, kumene imatetezanso nthaka kuti isakokoloke. Lachiŵiri ndi njira imene adakonza akatswiri a bungwe la icipe ku Kenya m'zaka za m'ma 1990, yodzala desmodium pakati pa mizere ya chimanga ndi nsenjere kuzungulira munda. Fungo la desmodium limathamangitsa agulugufe a kapuchi, nsenjere imaŵakopa kuti akaikire mazira kunja kwa munda, mizu ya desmodium imafooketsa kaufiti, ndipo zonse ziŵiri ndi chakudya cha ng'ombe. Lachitatu ndi lakuti manyowa a ng'ombe imodzi amachepetsa feteleza wogula. Komabe tiyenera kunena zoona, ngakhale zoŵaŵa. Banja limene lilibe poika udzu, lilibe ndalama zougulira ndiponso lili kutali ndi madzi, liyambe laganiza kaŵiri lisanalandire ng'ombe, pakuti walira mvula walira matope. Kukana ng'ombe lero n'kwabwino kusiyana ndi kuiona ikufa ndi njala m'khola mwako.

Pali mbali zina zimene mlimi payekha sangazithe. Akatha kukolola, m'midzi yambiri mbuzi ndi ng'ombe zimatayiriridwa, ndipo munda wa nsenjere, pokhala wokha wobiriŵira, umatha m'masiku aŵiri. Moto wa osaka mbeŵa umatsiriza zotsala. Apa mpofunika mafumu athu aike malamulo oteteza udzu wodzalidwa monga amatetezera dimba la ndiwo. Mabungwe ogaŵa ng'ombe, amene kaŵirikaŵiri amafuna kuona khola ndi munda wa udzu asanapereke ng'ombe, azibwereranso chaka chachiŵiri kudzaona ngati mundawo ukalipo. Malo a kafukufuku monga Chitedze ndi Lunyangwa, pamodzi ndi sukulu ya ukachenjede ya ku Bunda, ali ndi nzeru za mitundu ya udzu, koma nzeruzo zimathandiza pokhapokha mbeu yake ikamapezeka pafupi ndi mlimi. Magulu a alimi a mkaka, amene amakumana tsiku ndi tsiku pathanki yoziziritsira mkaka, akhoza kukhala ndi munda wochulukitsira mbeu ya udzu pomwepo. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa inu anzathu otsiriza sukulu, muone kuti m'vuto limeneli mulinso mwai. Si onse amene angapeze ng'ombe, koma kulikonse kumene kuli ng'ombe za mkaka kuli anthu ofuna udzu m'chilimwe. Wachinyamata amene ali ndi kachigawo ka dimba, chikwanje ndi njinga akhoza kulima nsenjere, kumanga mitolo ya udzu wouma kapena kukonza sayileji, n'kumagulitsa kwa alimi pa nthaŵi imene udzu uli pa mtengo. Akatero adzakhala ataphunzira mbali yovuta ya ulimi wa mkaka asanakhale ndi ng'ombe, ndipo tsiku limene adzaipeze idzafikira pa chakudya. Ndipo ife aphunzitsi, amene timalembetsa ana maina a udzu pa mayeso a Zaulimi, tidzifunse ngati m'munda wa sukulu yathu muli mzere ngakhale umodzi wa nsenjere umene ana angauyeze, kuudula, kuuika pasikelo ndi kuŵerengera masiku amene ungadyetse ng'ombe. M'mera mpoyamba.

Mnyamata uja adadzala nsenjere pa akalozera a m'munda wa amai ake ndi lukina kuzungulira khola, ndipo adasunga zotsalira za mtedza padenga la khitchini. Chilimwe chotsatira mkaka udatsikabe, koma udaima pa malita 9, ndipo ng'ombe idatenga bere pa nthaŵi yake. Akudandaulabe za mtengo wa madeya monga alimi anzake onse, koma tsopano akachoka kuchigayo chimanjamanja ng'ombe yake sigona ndi njala. Amene afuna kuchita chimodzimodzi akonzeretu timitengo ta nsenjere ndi manyowa mvula isanagwe. M'gawo lotsatira tidzaona za msika wa mkaka ndi m'mene mtengo wake umaikidwira.